Madola akale a ku America sanathe ntchito

Uthenga uja wabweranso m'magulu athu a WhatsApp kuno ku Harare, wakuti madola a ku America osindikizidwa kale atha ntchito kumapeto kwa mwezi, ndiye tiwasinthe msanga. Ndi bodza, abale.

Boma la America limanena poyera kuti ndalama zake zapepala zikugwirabe ntchito, kaya zinatuluka chaka chanji. Wamalonda ku Mbare Musika akakana $100 yakale, amangoopa ndalama zachinyengo, palibe lamulo lotero. Zimandiwawa kuona mayi wogulitsa tomato akusinthitsa $100 yake mumsewu motchipa chifukwa cha mantha.

Phunzirani kuzindikira yeniyeni. Pepala lake ndi la thonje, magawo 75 pa 100, ndipo zilembo zimakhakhala mukapitsapo chala. Ikwezeni poyera kuwala: pa $100 zotuluka kuyambira 1996 muona nkhope ya Benjamin Franklin yobisika mkati mwa pepala. $100 yatsopano, yomwe inayamba kutuluka mu 2013, ili ndi kamzere kabuluu. Mukaipendeketsa, timabelu tojambulidwa m'kamzereko timasanduka nambala 100.

Mukakayika, funsani kubanki kwanu kapena onani pa uscurrency.gov. Uthengawo ukakufikani, chonde musautumizenso kwa ena.