Alimi ozokotedwa pa mkuwa: adawajambula ndani, ogula adali yani?

Mukaona chithunzi chakale cha ku Ulaya cha alimi akuvina, musafulumire kunena kuti kumudzi kunkakhala choncho. Yambani mwafunsa kuti adachizokota ndani ndipo ankagulitsa kwa yani.

Ntchitoyi idali ya m'tauni. Mmisiri ankazokota mizere pa chipepala cha mkuwa ndi kachitsulo kosongoka, n'kupakapo inki, n'kupukuta kuti inkiyo itsale m'mizere mokha, kenako n'kudinda papepala lonyowa. Mkuwa umodzi unkatulutsa zithunzi mazanamazana, motero mtengo wake unkatsika poyerekeza ndi chithunzi cha penti. Komabe ogula ambiri adali amalonda ndi anthu ophunzira a m'mizinda ngati Nuremberg (ku Germany) ndi Antwerp (ku Belgium wa lero).

Taonani za mmisiri Sebald Beham, mbadwa ya ku Nuremberg. Mu 1546 ndi 1547 adatulutsa tizithunzi ta chikondwerero cha kumudzi, tochepa kuposa chikhatho. Alimi akuvina awiriawiri, wina akusanza, ena ayambana ndewu. Chonsecho mu 1525 alimi a ku Germany adali atadzuka kukana ukapolo ndi thangata. Mfundo 12 zomwe adagwirizana m'tauni ya Memmingen zinkapempha, mwa zina, ufulu wodzisankhira m'busa, wowedza nsomba ndi wotema nkhuni m'nkhalango. Olamulira adawathira nkhondo ndipo padafa anthu pafupifupi 100,000. M'tizithunzi timeneti ta Beham mulibe chilichonse cha zimenezi. Mlimi amene adagwedeza dziko wangosanduka chidakwa choti anthu aziseka, ndipo ine izi zimandiwawa.

Tisamuweruze msanga. Naye Beham adapirikitsidwa mu Nuremberg mu 1525 momwemo chifukwa cha maganizo ake pa zachipembedzo, ndipo mpaka lero akatswiri sagwirizana ngati ankanyoza alimi kapena ankakondwera nawo.

Wojambula wina, Pieter Bruegel, ndiye adawaona ndi diso lina. Chithunzi chake cha nyengo yokolola adachijambula mu 1568, Pieter van der Heyden n'kuchizokota, Hieronymus Cock n'kuchitulutsa ku Antwerp mu 1570. Anthu ali kalikiliki kumweta tirigu dzuwa likuswa mtengo. Kutsogolo kwakhala bambo wamphamvu, wapendeketsa mutu akugugudiza chakumwa cha mumtsuko waukulu. Ludzu lake ndi la munthu amene wagwira ntchito. Bruegel adamukulitsa kwambiri moti phazi lake ndi chikwakwa chake zidachita kudumpha mzere wa m'mphepete mwa chithunzicho.