Nsikidzi m'nyumba za lendi: chochita, ndi mankhwala oti musawayese n'komwe

Mukapeza nyumba ya lendi, kaya ndi ku Ndirande, ku Mtandire kapena ku Chibavi, musathamangire kulowetsa katundu. Yatsani tochi ya pafoni, muunike m'ming'alu ya khoma, m'mbali mwa zitseko ndi mozungulira maswitchi. Timadontho takuda ngati ta inki ndi chimbudzi cha nsikidzi. Timizere tofiirira pakhoma ndi pomwe anzanu amene atuluka ankazitswanyira ndi chala. Mukaziona, aonetseni alandilodi musanapereke ndalama, chifukwa mukangolowa adzati mwabwera nazo ndinu.

Kukhala ndi nsikidzi si chizindikiro cha uve. Zimayenda ndi katundu: chikwama cha mwana wochokera ku sukulu yogonera komweko, bulangete la mlendo, zovala za kaunjika, matiresi ndi masofa ogula kwa anthu. Zimatha miyezi ingapo osayamwa magazi, n'chifukwa chake zimapezeka ngakhale m'nyumba yomwe yakhala yokiya.

Nsikidzi sizifalitsa malungo kapena HIV. Koma mwana akamakanda usiku wonse amadzitupula khungu, pabala pamalowa tizilombo n'kuyamba mafinya. M'mawa akusinza m'kalasi. Zikachuluka kwambiri, mwana wamng'ono akhoza kuchepa magazi.

Chomwe chimatidetsa nkhawa kwambiri ndi mabanja amene amachotsa neti ponena kuti ndiyo yabweretsa nsikidzi. Neti sibala nsikidzi. Zimangobisala m'misoko mwake monga zimachitira m'matiresi ndi m'mphasa. Mukaichotsa, nsikidzi zikhalapobe, ndipo mwana mwamupereka kwa udzudzu. Chonde, gonanibe m'neti. M'mawa uliwonse yang'anani m'makona mwake ndi kupha zomwe mwapeza.

Chimene chimapha nsikidzi pamodzi ndi mazira ake ndi kutentha. Zofunda ndi zovala muziviike m'madzi otentha kwambiri, osachepera madigiri 60, ndipo zikauma muzisite, makamaka m'misoko. Bedi muliphwasule, mulitulutse panja, muthire madzi owira m'malo onse olumikizira matabwa, ana ali kutali. Kuyanika matiresi padzuwa kumathandiza, koma pakokha sikukwanira, chifukwa nsikidzi zimangothawira kunsi kozizira. Ming'alu imateni, bedi lisagunde khoma. Mazira amaswa pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, choncho ntchito yonseyi muibwereze. Ambiri amagwa ulesi pamenepa, n'kumati palibe chomwe chikuthandiza.

M'nyumba za mdadada, kulimbana nazo nokha n'kutaya nthawi. Pamwamba pa khoma n'potseguka, ndipo nsikidzi, mphemvu ndi makoswe zimangowolokera kwa aneba, n'kudzabweranso. Khalani pansi alendi nonse ndi eni nyumba, mugwirizane tsiku limodzi. Pa mphemvu ndi makoswe nkhani yake ndi chakudya: mbale zisagone zosatsuka, ufa ukhale m'ndowa yovundikira, zinyalala zituluke tsiku lomwelo. Mphemvu zimayambitsanso mphumu mwa ana ena.

Tsono za mankhwala. Munthu amene wakhala sabata osagona amagula chilichonse, ndipo m'misika muli timabotolo topanda dzina tambiri. Musapopere m'chipinda mankhwala a m'dimba, a thonje kapena dibi ya ng'ombe. Mapiritsi ofukizira chimanga ndiwo oopsa koposa: amatulutsa mpweya wakupha, womwe umadutsa pamwamba pa khoma kukafika kwa ana amene agona chipinda china. Temik, poizoni amene ena amaphera makoswe, naye asalowe m'nyumba. Gulani mankhwala okhawo ovomerezeka ndi bungwe la Pesticides Control Board, olembedwa kuti ndi a m'nyumba. Popopera tulutsani ana, chakudya ndi madzi akumwa, ndipo mutsatire malangizo a pabotolo. Nsikidzi zambiri masiku ano sizikufa ndi mankhwala wamba, ndiye kuwirikiza muyezo kungokuvulazani nokha. Funsani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu.

Munthu akayamba kusanza, kutuluka dovu ndi thukuta lambiri, chizungulire kapena kubanika pambuyo popopera, mutulutseni panja, mumuvule zovala zomwe zakhudza mankhwalawo ndi kumusambitsa ndi sopo. Musamumwetse mkaka, musamukakamize kusanza. Thamangirani naye kuchipatala mutanyamula botolo la mankhwalawo kuti adokotala aone chomwe chamuvulaza.