Batani la besi silikulitsa sipika yaing'ono

Ambiri akamagula ampulifaya ya masipika ang'onoang'ono oika pa shelefu, amakhulupirira kuti akangopotokola batani la besi mpaka kumapeto, mawu agunda ngati a masipika akuluakulu. Si zoona, ndipo maganizo amenewa awonongetsa masipika abwino ambiri.

Sipika yotereyi kawirikawiri imakhala ndi wufa (mbali yotulutsa besi) ya masentimita 13 mpaka 16, ndipo pansi pa 50 kapena 60 Hz (muyezo wa kuya kwa mawu: nambala ikachepa, besi ndi yakuya) mawu ake amayamba kuzilala. Malire amenewa amachokera pa kukula kwa wufa ndi bokosi lake. Batani silingawasinthe. Chomwe limachita n'kukakamiza ampulifaya: kukweza besi ndi 3 dB (muyezo wa kukwera kwa mawu) kumafuna mphamvu yowirikiza kawiri, pomwe 10 dB imafuna yowirikiza kakhumi. Ampulifaya ikafika pothera imayamba kutulutsa mawu osweka, wufa imagwedezeka mopyola muyezo, ndipo ka twita, kasipika kosalimba kotulutsa mawu opyapyala, kakhoza kupsa.

Komatu mabatani a besi ndi a mawu opyapyala (treble) ndi othandiza, ine sindingalangize munthu kugula ampulifaya yopanda iwo. Ntchito yawo yeniyeni nthawi zambiri ndi kuchepetsa. Sipika ikayandikira khoma, makamaka pakona, besi imachuluka n'kumveka ngati ikung'ung'udza, ndiye kuitsitsa pang'ono kumayeretsa mawu a woimba. Mukamamvera motsitsa usiku, kukweza pang'ono n'koyenera, chifukwa khutu silimva bwino besi mawu akakhala otsika.

Posankha, onani ngati ampulifayayo ikugwirizana ndi ma ohm (muyezo wa momwe sipika imakanizira magetsi) a masipika anu, 4, 6 kapena 8, komanso ngati ili ndi batani la "direct" lolambalala mabataniwa. Mukafunadi besi yakuya, wonjezerani subwoofer, sipika yapadera ya besi yokha.