Asidi, mchere ndi kusungunuka: mafunso pa Kimia ya ku Malaysia

Bwanji ophunzira a ku Malaysia amaloweza mawu awiriawiri?

Boma la nduna yaikulu Mahathir Mohamad linalamula kuti kuyambira mu 2003 sayansi ndi masamu ziziphunzitsidwa m'Chingerezi m'malo mwa Chimalay. Lamulolo linayamba kuthetsedwa mu 2012, koma mu 2016 kunabwera Dual Language Programme yolola sukulu zina kupitiriza ndi Chingerezi. Choncho kemisitiri, yomwe iwo amati Kimia, ili ndi mayina m'Chimalay ndi m'Chingerezi momwe.

Ndiyambire pati kuphunzira mawu a Chimalaywo?

Gwirani liwu limodzi: larut, kusungunuka. Limabala ana ngati mmene ife timachitira ndi sungunuka ndi sungunula. Pelarut ndi solvent, chosungunulira. Larutan ndi solution, madzi amene mwasungunuliramo chinthu, keterlarutan ndi solubility, kuchuluka kwa chinthu chimene chingasungunuke. Mukathira shuga mu tiyi mpaka wina n'kumatsalira pansi pa kapu, mwapanga larutan tepu, saturated solution. Koma chenjerani: air m'Chimalay ndi madzi, osati mpweya. Pelarut wodziwika kwambiri ndi madziwo.

Nanga asidi?

Apa Chimalay chimayenda ngati Chichewa: dzina patsogolo, chofotokozera pambuyo. Hydrochloric acid ndi asid hidroklorik, strong acid ndi asid kuat, weak acid ndi asid lemah. Base, chothetsa mphamvu ya asidi, ndi bes; salt, mchere uliwonse wobadwa asidi akakumana ndi bes, ndi garam; neutralisation, kuthetsana mphamvu kwa ziwirizo, ndi peneutralan.

Kodi kuat ndi pekat n'chimodzimodzi?

Ayi, ndipo ndimamva chisoni mfundo iyi ikamasokonezedwa. Kuat imanena za asidi amene mamolekyu ake onse amagawanika m'madzi n'kutulutsa H+, tizidutswa ta haidrojeni timene timapatsa asidi mphamvu. Pekat, concentrated, imangonena kuti asidiyo ndi wambiri m'madzi ochepa. Cair ndi wosukuluka. Asid etanoik wa mu viniga, ngakhale mumuchulukitse bwanji, amakhalabe lemah. Asid hidroklorik mumuthire madzi ambiri, pH yake, nambala imene imakwera H+ akamachepa m'madzi, ikwera, komabe ndi kuat.

Sodium ndi lead sindikuziona m'buku lawo. Zapita kuti?

Zilimo, koma ndi mayina ogwirizana ndi zizindikiro zake: natrium (sodium) ndi Na, kalium (potassium) ndi K, argentum (silver) ndi Ag, plumbum (lead) ndi Pb. Kunena zoona, apa Chimalay chimamuthandiza mwana kuposa Chingerezi.

Lamulo la mchere wosungunuka m'madzi limati chiyani?

Garam yonse ya nitrat imasungunuka, chimodzimodzi ya natrium, kalium ndi ammonium. Klorida zambiri zimasungunuka kupatula za argentum, plumbum ndi merkuri(I). Pa sulfat, ya barium ndi ya plumbum zimakana, ya kalsium imangosungunuka pang'ono. Karbonat zambiri sizisungunuka.

Kuti muone mchere wosasungunuka ukupangika, thirani larutan ya kalium iodida mu larutan ya plumbum(II) nitrat. Zonse ziwiri n'zoyera mbee ngati madzi a pampopi, koma zikangokumana mumatuluka nsenga zachikasu. Nsengazo ndi mendakan, precipitate. Mukatenthetsa ndi madzi okwanira zimasungunuka, ndipo akazizira zimabwereranso ngati tizidutswa tagolide tonyezimira.