Snowboard sapimira pachibwano

Funso ili landitopetsa. Chaka chilichonse June akamayandikira, ndikangokhala pansi pa Chitakale kuti ndimwe tiyi, foni imalira. Mwana wa uje ali ku Joni, abwana ake akumutenga ku Lesotho kukasewera pa chipale, wapeza snowboard (bolodi lotsetserekera pa chipale utaimapo) yotchipa pa Facebook. "Amalume, ndaiyimika, ikundifika pachibwano. Ndigule?"

Ndaphunzitsa anthu masewerawa nyengo zingapo m'mapiri a Maluti, pamtunda wopikisana ndi Sapitwa wathuyu, ndipo yankho langa silisintha. Bolodi silidziwa kutalika kwanu. Limamva kulemera kwanu basi. Mafakitale ambiri amalemba makilogalamu oyenera bolodi lililonse, ndipo pamenepo ndi poyambira. Za chibwanozo n'za anthu ofuna kugulitsa msanga.

Taligonekani pansi bolodilo muliyang'ane. Kumutu ndi kumchira n'lotakata, pakati n'lowonda ngati chiuno cha mavu. Kupindika kwa m'mbaliko ndiye sidecut. Amene munaonapo akulemba maziko a nkhokwe mukudziwa: chikhomo pakati, chingwe, kenako kuzungulira. Mbali ya bolodi ndi kachidutswa ka bwalo lotero, ndipo kutalika kwa chingwecho ndiye sidecut radius. Mabolodi ambiri chingwe chawo ndi cha mamita 7 mpaka 9. Ampikisano wa giant slalom, wotsetsereka paliwiro ukukhotakhota pakati pa timbendera, chimapitirira mamita 12.

Tsono kukhota kwenikweni, kumene amati carving, si kukwekwereza mchira uku ndi uku monga achitira ongoyamba kumene. Umapendeketsa bolodi, chitsulo cha m'mphepete n'kuluma chipale, kulemera kwako n'kulipinda mpaka chiuno chija chikhudze pansi. Likatero limakhota lokha, n'kusiya mzere umodzi woonda ngati wadutsa lezala. Ukapendeketsa kwambiri, khona imafupika: bolodi la mamita 8 ukaligoneka madigiri 60 limadula khona ya mamita pafupifupi 4. Koma zonsezi zimatheka ngati uli ndi thupi lolipinda. Wopepuka akakwera bolodi lalitali ndi lolimba, chiuno chimakana kutsika, bolodi limangowongoka osamva.

Lalitali lili ndi ubwino wake, sindikana. Chitsulo chokhudza chipale chimachuluka, ndiye pa liwiro silinjenjemera. Koma taganizani thiraki yodzaza tiyi m'makhona a ku Thyolo, kenako wakabaza pamalo omwewo. Kumene ana athu amapitaku malo otsetserekapo ndi aafupi, ngati kilomita imodzi, chipale chambiri n'chopanga ndi makina, m'mawa chimakhala gwa, ndipo anthu amadzaza. Bolodi lofuna khona yaikulu mukalikhotetsera kuti? Musaiwalenso nsapato: phazi lalikulu pa chiuno choonda, zala zimakhula pansi ukangopendeketsa, chitsulo n'kutaya.

Pali mnyamata wina wa cha ku Luchenza amene sachoka m'mutu mwanga. Wamtali ngati bulugamu koma wa makilogalamu 55 okha. Anagula bolodi la masentimita 165 kwa munthu wina wa pa intaneti amene anamuuza kuti lalitali ndiye la madolo. Ndinaliona, ndinamuuza kuti abwereke la 150, iye n'kuseka, ati ndalama zapita kale amalume. Ine ndinangomusiya. Tsiku lachiwiri bolodi linakana kukhota, chitsulo cha kuchidendene chinakola, anagwa chagada atatsogoza dzanja. Anadzuka, n'kupukusa dzanjalo, ati ndangobinya.

Sanabinye. Pa snowboard chimene chimathyoka kawirikawiri ndi polumikizira dzanja, ndipo m'menemo muli kafupa kotchedwa scaphoid, m'munsi mwa chala chachikulu. Kakathyoka sikatupa kwambiri, zala zimagwira ntchito, munthu amadzinamiza. Magazi amafikako movutikira, ndiye kakachedwa kumangidwa sikalumikizana, mbali ina imatha kufa. Nthawi zina ngakhale X-ray yoyamba sikaonetsa, n'chifukwa chake adokotala amamanga dzanja n'kukuuzani mubwerenso pakatha masiku 10 mpaka 14. Mukamva zimenezo musamati adokotala sakudziwa ntchito.

Mnyamatayu atabwera kumudzi, azakhali ake anamutengera kwa bambo wina wodziwika ndi kuwongola mafupa. Anamukoka dzanja, kumutema mphini, kupaka zakuda, nkhuku n'kupita. Miyezi isanu. Pamene ankafika kuchipatala nkhani inali ya opaleshoni, osatinso pulasitala. Ndinakumana naye pa depoti ku Luchenza chaka chatha, akunyamula chikwama ndi dzanja lamanzere. Kukanika ngakhale kutsegula botolo.

Choncho mukagwa n'kumva kupweteka pakadzenje kali m'munsi mwa chala chachikulu, tsiku lomwelo kuchipatala. Osati Lolemba, osati mukabwera kumudzi, osati kwa okoka mafupa, osatinso kumwa panado n'kukwereranso bolodi poti tikiti mwalipira kale. Zotetezera m'manja ndi chipewa cholimba valani kuyambira tsiku loyamba.

Ndipo mukandiimbiranso, musanditumizire chithunzi mutaima ndi bolodi. Kwerani sikelo, ngakhale ya pachigayo, mundiuze makilogalamu, saizi ya nsapato, ndi manambala awiri a bolodilo: kutalika ndi radius. Wogulitsa akakanika kukuuzani yachiwiriyo, bwerekani kaye.