Musaboole ampu musanadziwe pomwe distortion ikubadwira

Funso la anthu omanga okha ampu ya gitala ya machubu (ma valve okweza mawu) limakhala lomweli: "Ampu yanga ya machubu ndamaliza, ikulira bwino, ndidule waya uti kuti ndiikepo send ndi return?" Ndatopa nalo, chifukwa wofunsayo amakhala ataboola kale chassis (bokosi lachitsulo la ampu), majaki awiri ali m'manja, akungodikira kuti ndimulozere waya. Ayi achimwene. Yambani mwandiuza kuti distortion, kukalipa kwa mawu kuja, mu ampu yanuyo ikubadwira pati.

Effects loop, njira yomwe siginolo imatulukira pa send kupita ku ma pedal (timabokosi tosintha mawu) n'kubwereranso pa return, inabwera kudzathetsa vuto limodzi lokha. Delay ndi reverb zikalowa siginolo isanafike pa gawo lopanga distortion, mawu obwereza aja amaphwanyidwa limodzi ndi mawu enieni, zonse n'kusanduka phala, ndiye loop imazilowetsa distortion itachitika kale. Choncho ngati mwamanga ya mtundu wa Marshall JCM800 2203, momwe kukalipa kwambiri kumachokera mu machubu a 12AX7 a preamp (gawo loyamba lokweza siginolo), loop ili ndi ntchito, ndipo malo ake ndi pakati pa tone stack (gawo la bass, middle ndi treble) ndi phase inverter (gawo lopereka siginolo ku machubu omaliza). Koma ngati yanu ndi Fender Deluxe 5E3, Champ, kapena Marshall 1959 yopanda master volume, yomwe imakalipa pokhapokha mutaitsegula mpaka machubu omaliza a 6V6 kapena EL34 adzaze, siginolo imaphwanyidwa itadutsa kale pa return. Delay yanu idzaphwanyikabe. Mwaboola chassis pachabe.

Tinene kuti ampu yanu ndi yoyenera. Majaki awiri okha sakwanira. Siginolo ya mu preamp imafika mavoti makumi angapo, pomwe pedal ya batire ya mavoti 9 inapangidwira siginolo yosakwana volti imodzi. Muyezo wa siginolo wa -10 dBV ndi pafupifupi mavoti 0.3, ndipo wa +4 dBu wa zida za mu situdiyo ndi 1.2. Ndiye siginolo iyenera kutsitsidwa pa send, kenako kukwezedwanso pa return, apo ayi pedal imalira mosweka kapena ampu imakhala yofooka. Palinso impedance: ikakwera, siginolo imavutika kukankha nthambo. Potulukira tone stack ndi yokwera kwambiri, ndipo nthambo ya gitala imakhala ndi capacitance ya pafupifupi 100 pF pa mita iliyonse. Mukalumikiza nthambo yaitali pamenepo, mawu akuthwa onse amathera m'njira, inu n'kumadzudzula sipika. Ngakhale ma ampu a Dumble, odula chotere, loop yake inali ya majaki okha, ndipo inkafuna bokosi lina lapadera lotchedwa Dumbleator kuti igwire bwino ntchito.

Njira yomwe ndimaikhulupirira ndi chubu chimodzi chowonjezera: theka likhale cathode follower (gawo lotsitsa impedance, lomwe siginolo imatulukira pa cathode ya chubu) yokankha send, theka linalo likweze zomwe zabwerera. Ine ndimakonda chubu cha 12AT7 pamenepa kuposa 12AX7, imakankha nthambo mosavutika. Ingowerengani kaye ngati thiransifoma yanu ingakwanitse 300 mA ina pa mavoti 6.3 a heater yotenthetsa chubucho. Ngati siingathe, transistor ya LND150 imagwira ntchitoyi popanda heater, ndipo musamvere amene akunena kuti transistor imodzi yaipitsa ampu yonse. Master volume ikhale pambuyo pa return kuti mukamachepetsa voliyumu, mlingo wopita ku ma pedal usasinthe. Za negative feedback, njira yobweza gawo la siginolo m'mbuyo kuchokera ku output transformer (thiransifoma yopereka mawu ku sipika), musadule chilichonse m'kati mwake.

Nkhani yomwe imandisowetsabe mtendere ndi ya mnyamata wina woimba gitala kutchalitchi. Ampu anamanga yekha, mwaukhondo ndithu, koma loop anakaikitsa kwa wokonza mawailesi wina pamsika. Bamboyo anaona kuti mu ampuyo, ya mtundu wa Marshall, muli kale cathode follower, n'kuganiza kuti wapeza chokankhira send chaulere. Anatenga send pa cathode penipeni, popanda capacitor. Jaki ikakhala yopanda kanthu zonse zinkayenda, chifukwa ma capacitor a tone stack ankatsekereza DC monga mwa nthawi zonse. Nditaika mita pa nsonga ya pulagi, inawerenga mavoti opitirira 150. Pedal yobwereka inali itapsa kale, koma chomwe chinandiwawa si chimenecho. Mnyamatayo anandiuza akuseka kuti nthamboyo "imagwira shoko pang'ono", ndipo anapitiriza kuigwiritsa ntchito Lamulungu lililonse. Dzanja limodzi pa nsonga ya pulagi, lina pa mawaya a gitala omwe ndi olumikizidwa ku ground: magetsi amenewo ankadutsa pachifuwa pake.

Chida choimbira chikakugwirani shoko, ngakhale pang'ono, chizimitseni tsiku lomwelo. Musadikire kuti mwambo wa ukwati udutse kaye. Pa send ndi pa return pakhale capacitor ya mavoti 400 kapena 630, osati kaja mwachotsa mu wailesi yakale, komanso resistor ya 1M yopita ku ground kuti pulagi isamaphulike polowetsa. Ndipo munthu wodziwa kukonza mafoni kapena ma TV amakono sikuti ndiye wadziwa machubu. Mufunseni kuti pa cathode ya follower pamakhala mavoti angati. Akayamba kukanda mutu, nyamulani ampu yanu.

Inunso omanga nokha, ma filter capacitor amasunga mavoti 400 mpaka 500 ngakhale mutazula pulagi kukhoma. Atsitseni kudzera mu resistor, osati powagunditsa ndi sikuludiraiva, kenako yezani ndi mita musanalowetse chala. Poyesa ampu ili yoyaka, dzanja limodzi likhale m'thumba, ndipo sipika ikhale yolumikizidwa, chifukwa output transformer ikagwira ntchito popanda katundu imapsa, ndipo kuipeza ina ndi ndalama zambiri.