Maina a pa Mateyu 1 si achizungu

Ambiri timati dzina la m'Baibulo ndi lachizungu. Mwana akatchedwa Yehosafati, anthu amati makolo asiya maina akwathu n'kutola a azungu. Ayi ndithu. Azungu anangobwera nawo; eni ake ndi Aheberi, ndipo ankatcha ana monga timachitira ife ndi Mavuto kapena Chisomo.

Taonani mndandanda wa makolo a Yesu pa Mateyu 1, womwe ambiri timaulumpha poti ndi wotopetsa. Yehosafati ndi chiganizo chathunthu: Yehova waweruza. Eliyakimu, Mulungu adzakhazikitsa. Obedi, agogo ake a Davide, amatanthauza wotumikira.

Perezi ndiye amandisangalatsa. Tamara akubereka mapasa, mmodzi anatulutsa dzanja, mzamba n'kumumanga ulusi wofiira. Dzanja lija linabwerera, mnzake n'kutuluka koyamba. Pa Genesis 38:29 mzamba akudabwa kuti waboola bwanji njira, ndipo Perezi ndiko kuboola kumeneko.

Komabe si onse achiheberi. Zerubabele linachokera ku chinenero cha ku Babulo, kumene Ayuda anali akapolo, ndipo limatanthauza mbewu ya Babulo.